Zaka ziwiri zomwe ndinamuchotsera mphwanga

Foni inalira Lachinayi chakumadzulo, ndili pashedi yanga ku Chibavi ndikupala thabwa la chitseko cha munthu. Nditaona kuti ndi mphwanga, ndinapukuta manja msangamsanga poganiza kuti akufuna kundiuza kuti dzina lake latuluka pamndandanda womaliza wa timu ya mpira ya dziko ya anyamata osapitirira zaka 17. Mawu ake anamveka ngati a munthu amene wangodzuka kumene.

"Amalume, andibweza. Akuti dzanja langa ndi la munthu wamkulu."

Ndinafunsa kawiri ngati sindinamve, chonsecho ndinamva bwinobwino. Ndinkadziwanso chifukwa chake kuposa dokotala amene anamuyezayo, pakuti zaka ziwiri zimene makina anapeza m'fupa la mwanayo ndinazichotsa ndine, ndi pakamwa pangapa, mu 2019.

Dzina lake sinditchula, ndingomutcha mphwanga. Ndi mwana wa mlongo wanga, anabadwira kwathu ku Dowa, mbali ya Mponela, mu Malichi 2005. Ndinamutenga ali Sitandade 6 bambo ake atamwalira, kudzakhala naye kuno ku Mzuzu komwe ndakhala zaka zoposa 20 ndikugwira ntchito ya ukalipentala. Loweruka ndi Lamulungu ndimaphunzitsa mpira ana a m'dera mwathu, katimu kopanda wothandiza aliyense, majezi ake a pakaunjika a ku Zigwagwa omwe manambala tinachita kulemba ndi penti. Mphwangayo anali wotchinga kumbuyo, wamanzere, wodekha ndi mpira kuphazi. Pamenepa sindikukometsa chifukwa ndi mbale wanga. Aliyense amene anamuonapo pabwalo amavomereza.

Bodzalo silinayambire kumpira ayi. Linayambira kusukulu. Analemba mayeso a Sitandade 8 mu 2019, anakhoza koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Ndinaganiza zoti abwereze pasukulu ina, ndipo anzanga ena anandiuza kuti mwana wooneka wamkulu pamapepala zimamuvuta kusankhidwa. Sindinafufuze ngati zinali zoona. Tsiku lokamulembetsa, aphunzitsi atafunsa chaka chobadwa, ndinangoti 2007. Iwo analemba zimene ndinawauza, sanalakwe kanthu. Mphwanga anaima pambali panga, anandiyang'ana, sanayankhule. Tikutuluka ndinamuuza kuti, "Kuyambira lero ndiwe wa 2007, wamva?" Iye anati, "Ndamva, amalume." Nkhani yonse sinatenge ngakhale mphindi ziwiri.

Ambirife timaziona ngati zazing'ono zimenezi. Ana obadwa nthawi imeneyo ambiri analibe chiphaso cha kubadwa. Kulembetsa mwana aliyense akangobadwa kunayamba kukhala kokakamiza mu 2015. Zisanafike pamenepo, zaka za mwana zinali m'mutu mwa mayi ake ndi pakhadi ya kusikelo basi. Ndiye kusintha kunali kosavuta ngati kusintha malaya. Kumpirako ndiye timachita kuseka nazo: wina akati ali ndi zaka 16, timafunsa kuti za mpira kapena za kwa amayi?

Anasankhidwadi chaka chotsatira, chaka cha Covid chija mayeso anachedwa, ndipo ine ndinkadziyamikira kuti ndine malume wochenjera.

Mu 2022 kunamveka kuti akufuna anyamata a timu ya dziko ya osapitirira zaka 17, yokonzekera mpikisano wa COSAFA. Kwa amene simutsatira kwambiri, COSAFA ndi bungwe la mpira la maiko 14 a kum'mwera kwa Africa kuno, monga Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Angola, South Africa mpaka zilumba za Comoros ndi Mauritius. Mpikisano wake wa anyamatawu si wongosangalatsa ayi, ndi khomo lopitira ku mpikisano wa Africa yonse, ndipo ochita bwino kumeneko ndi amene amapita ku chikho cha dziko lonse. Chaka chimenecho unali woti uchitikire konkuno ku Malawi, ku Lilongwe, mu Disembala, pamodzi ndi masewero a achinyamata a maiko a kum'mwera kwa Africa otchedwa Region 5. Malire a zaka anali omveka: wobadwa pa 1 Januwale 2006 kapena pambuyo pake. Mphwanga, mwa zaka zake zenizeni, anali atapitirira ndi miyezi pafupifupi 10. Mwa zaka za pamapepala, anali kamwana ka zaka 15.

Tsiku loyesa anyamata a chigawo chakumpoto kunali kamvula kowaza ka ku Mzuzu kaja, kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Anabwera ana ochokera ku Karonga, ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ena atagona padepoti. Ine ndinapita ndi awiri: mphwanga, ndi kamnyamata kena ka ku Mchengautuwa komwe mayi ake amagulitsa tomato mumsika. Kameneko kanali ka 2007 keniweni, ndinaonapo khadi yake ya kusikelo. Nakonso kankasewera kumbuyo chakumanzere, ndipo kunena zoona kanali ndi mutu wa mpira kuposa mphwanga, kungoti thupi linali lisanabwere.

Anawaika m'matimu osiyana. Ndimakumbukirabe mpira umodzi wam'mwamba umene anaulimbirana awiriwo pakona. Mphwanga anangokankha pang'ono ndi phewa, kamnzakeko kanakagwera m'matope chagada. Anthu ena kuseri kwa golo anakuwa m'Chitumbuka kuti uyo ndi mulala, kutanthauza kuti ndi wamkulu, ena n'kumaseka kuti abwerere akasamale ana kunyumba. Ine ndinayang'ana kumbali ngati nkhaniyo sikundikhudza. Madzulo ake mphwanga anatengedwa, kamnzakeko kanatsala. Tikubwerera kanakhala chete pakabaza njira yonse, nsapato katakolowekera m'khosi.

Apa ndi pamene ndikanaimira. M'malo mwake ndinalowa mwakuya. Ku timu ya dziko safuna kalata ya kusukulu yokha, amafuna chiphaso cha kubadwa ndi pasipoti, ngakhale mpikisano ukuchitikira kwanu komwe. Ndinaimbira mlongo wanga kuti tikalembetse mwanayo ndi chaka cha 2007, ndipo khadi ya kusikelo aibise. Iye anadandaula. "Achimwene, kodi zimenezi sizidzatitembenukira? Mwanayu ndinabereka ine chaka chomwe kunali njala chija, mudzi wonse ukudziwa." Ndinamuyankha mwaukali kuti za m'tauni sazidziwa, ana onse a mpira amatero. Anagonja chifukwa ndine mchimwene wake komanso ndine ndimalipira fizi. Tinadzaza mafomu, mboni zinasaina zimene tinaziuza, chiphaso chinatuluka. Pasipoti nthawi imeneyo inali K90,000. Ndinagulitsa mabedi awiri pamtengo wolira kuti ndalamayo ikwane. Bodza lomwe linali m'kaundula wa sukulu tsopano linalowa m'mabuku a boma, lili ndi chidindo.

Za makina oyeza zaka ndinali nditamvapo, osati kusamva. Ndinkadziwa zimene zinachitika mu 2020 ku Port Elizabeth, pamene matimu anayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, anachotsedwa mumpikisano womwewu wa COSAFA chifukwa cha osewera olephera kuyezedwako, mpikisano n'kuyambiranso ndi matimu anayi okha otsala: Malawi, Zambia, Angola ndi South Africa. Ndinkadziwanso kuti ulendo umodzi wokhawo umene Malawi inapita ku chikho cha dziko lonse cha osapitirira zaka 17, ku Nigeria mu 2009, mwayiwo unabwera Niger itachotsedwa pampikisano wa Africa ku Algeria chifukwa cha nkhani ya zaka yomweyi. Ndiye kuti ife tinadyapo phindu la kugwidwa kwa anzathu. Zonsezi ndinkazikamba ndekha pabawo ngati katswiri. Koma mumtima ndinkati mphwanga ndi wochepa thupi, alibe ndevu, nkhope yake ndi yamwana, makinawo adzamudutsitsa. Ndinkaganiza kuti amayeza maonekedwe.

Sayeza maonekedwe. Zimene anandifotokozera mphwanga atabwera, komanso zimene anandimasulira mnzanga wina wogwira ntchito zachipatala yemwe timapemphera limodzi, ndi izi. Makinawo amatchedwa MRI. Mwana amamugoneka pakabedi kolowa m'chimphanga chozungulira, chaphokoso ngati chigayo, atamuvula chilichonse chachitsulo, ndipo amajambula dzanja lamanzere, pamfundo pomwe timavalira wotchi. Kumapeto kwa fupa lalikulu la mkono pamenepo, mwana amene akukula amakhala ndi kampata ka chicherewecherewe, ndipo m'pamene fupalo limatalikira. Akamakula kampatako kamatsekeka pang'onopang'ono mpaka fupa kugwirana lonse. Madokotala amagawa kutsekekako m'magawo 6. Kuyambira 1 mpaka 5, mwana amaloledwa. Akafika pa 6, kutanthauza kuti fupa latsekeka lonse, basi watuluka, chifukwa si kawirikawiri kuti mnyamata wosakwana zaka 17 afike pamenepo. FIFA inayamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi pa chikho cha dziko lonse cha 2009 chomwe chija. Sikubaya, sikutenga magazi, ndipo pasipoti yako makinawo saiwerenga.

Ndinene chilungamo, njirayi si yangwiro. Matupi amasiyana: alipo ana a zaka zoona amene fupa limatseka msanga n'kubwezedwa osalakwa, aliponso akuluakulu amene amapulumuka chifukwa lawo lachedwa. Ndi chifukwa chake ena amayesabe mwayi. Kwa atsikana ndiye sidalirika mofanana, poti mafupa awo amakhwima msanga. Koma kholo lisamange nyumba pa mwayi umenewo. Mphwanga anali ndi zaka 17 ndi miyezi ingapo, ndipo anamupeza pa 6. Anamuyeza timu isanapereke mayina omaliza, ndipo ndimathokoza kuti zinathera pomwepo. Akanadutsa apo n'kukagwidwa mpikisano utayamba, bwenzi nditagwetsa ana a eni ake onse, pakhomo pathu pomwe, dziko lonse likuonera.

Anabwera ndi basi yausiku. Ndinakamudikira kudepoti m'ma 5 koloko m'mawa, kukuzizira, chifunga chili tolo. Anatsika ndi kachikwama kake, atavala jekete yomwe ndinamubwereka, sanandipatse moni wa masiku onse. Tinayenda wapansi mpaka kunyumba. Titafika pafupi ndi pamjigo anaima n'kunena kuti, "Amalume, anzanga onse kukampu akuti ndine wakuba. Koma ine sindinanenepo kuti ndine wa 2007. Munanena ndinu." Ndakhala ndikutukwanidwa ndi makasitomala, ndinamenyedwapo ndi akuba usiku, koma palibe chinandilasa ngati mawu amenewo. Ndinalibe choyankha. Ndinangomulandira chikwama.

Zotsatira zake sizinathere pa manyazi a tsiku limodzi. Mzuzu ndi tauni yaing'ono pankhani ya mpira; pofika Loweruka aliyense kuyambira ku Chiputula mpaka ku Luwinga anali atamva. Akangogwira mpira, anthu ankakuwa kuti "agogo". Anasiya kubwera ku maphunziro a mpira miyezi inayi. Kusukulu nako anayamba kujomba. Makolo awiri anachotsa ana awo mutimu yanga, ndipo sindinawadandaule. Makochi anzanga, omwe ena mwa iwo amachita zomwezo, ankandiseka osati chifukwa ndinanama koma chifukwa ndinagwidwa. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti matendawa ndi a tonse.

Mpikisanowo ndinakauonerabe. Ndinakwera minibasi kudutsa ku Chikangawa, Jenda, Kasungu mpaka Lilongwe, nthawi yomwe mafuta a galimoto ankavuta ija, mtengo wa ulendo ukusintha m'mawa ndi madzulo. Mphwanga anakana kupita nane. Ndinakhala pabwalo la Bingu ndikuyang'ana ana a Zambia, omwe anadzatenga chikhocho atagonjetsa South Africa mu fainolo, matimu awiriwo n'kupita ku mpikisano wa Africa yonse ku Algeria chaka chotsatira. Chimene chinandigwira mtima si zigoli, koma mmene ana aja ankadziwira poima mpira usanawafike. Zimenezo sizibwera ndi thupi lalikulu, zimabwera ndi zaka zambiri zophunzitsidwa bwino kuyambira ali aang'ono. Zambia yomweyo inatenganso chikhochi mu 2019 ku Blantyre, ndi mu 2017. Ife tinachitengapo mu 2001, ku Blantyre komweko. Ndinakhala pampando paja n'kumaganiza za kamnyamata ka ku Mchengautuwa, kuti mwina kakanapita kukampu kakanaphunzira zinthu zimene ine pabwalo lathu lafumbi sindingakaphunzitse. Malo ake ndinawapereka kwa munthu amene sakanawagwiritsa ntchito.

Patangopita milungu yochepa kunamveka za ku Cameroon, komwe Samuel Eto'o, monga mtsogoleri wa bungwe la mpira kumeneko, analamula kuti anyamata ayezedwe, ndipo 21 mwa 30 analephera. Anthu ankanditumizira nkhaniyo pa WhatsApp ndi tizithunzi toseka. Ena ankati akunditonthoza, kuti taonani si inu nokha. Sizinanditonthoze.

Tsopano gawo lomwe ndikufuna makolo ndi makochi anzanga amve bwino, chifukwa ndi limene palibe anandiuza: kulowetsa bodza m'mapepala n'kosavuta, kulitulutsa ndi ntchito ya thukuta. Mphwanga anafika poti zaka zake zenizeni n'zoyenera chiphaso cha unzika, chomwe munthu amatenga akakwana zaka 16, koma nkhani yake inali yosokonekera: chiphaso cha kubadwa chikuti 2007, pasipoti 2007, kusukulu 2007, khadi ya kusikelo ndi ya ubatizo zikuti 2005. Iye mwini ananena kuti sakufunanso kukhala ndi zaka ziwiriziwiri. Ndinayenera kupita ku Dowa kukagwada kwa mlongo wanga, yemwe mwamwayi khadi ija sanaitaye, anaikulunga mupepala lapulasitiki n'kuiika pansi pa sutikesi. Ndinakatenga kalata kwa amfumu, ina ku tchalitchi komwe anabatizidwa, ndinakalumbira pamaso pa wovomerezeka kulumbiritsa anthu kuti chaka choyamba chija ndinapereka ndine ndipo chinali cholakwika. Kuima pamaso pa munthu n'kunena kuti ndinanama, uku mwana amene ukumulera akumva, si zinthu zoti ndingafunire mnzanga. Maofesi anandithandiza monga mwa malamulo awo, ndipo malamulowo safulumira pa nkhani yotere, m'pomveka. Zinanditengera miyezi yambiri ndi maulendo angapo, ndipo pasipoti ya K90,000 ija, yomwe sinadindidwepo ngakhale pachipata chimodzi, inasanduka pepala wamba.

Ngati mwana wanu ali ndi luso ndipo mukulota zoti adzavale jezi ya dziko, sungani khadi ya kusikelo ngati ndalama. Mulembetseni chiphaso cha kubadwa ali wamng'ono, ndi tsiku lenileni, ndipo muonetsetse kuti dzina ndi tsiku zikufanana paliponse, kusukulu, kutchalitchi, kuchipatala. Ngakhale mwana wa zaka zoona amatha kutsala chifukwa pena analemba dzina la bambo, pena la agogo, ndipo pasipoti siituluka tsiku limodzi. Kuitanidwa kukampu kumabwera modzidzimutsa. Akabwera munthu, kaya ndi kochi kaya wodzitcha ejenti, n'kukuuzani kuti tichotseko chaka chimodzi kuti mwanayu akhale ndi nthawi, mufunseni kuti dzanja lolowa m'makina lidzakhala la ndani. Ndipo ngati munachotsa kale, monga ndinachitira ine, musamutumize ku timu ya osapitirira zaka 17 mukudziwa. Muuzeni kochi zoona, mwanayo akayesedwe ku ya osapitirira zaka 20, komwe ndi kwake. Mphwanga mu 2022 anali woyenera kumeneko, ndipo akanakhala ndi zaka zina zoti akulire m'gululo. Ine ndinamukankhira pakhomo lolakwika, khomo lake lenileni lili pambali lotsegula.

Palinso china chimene ndinachiona mochedwa. Mnyamata wamkulu akamasewera ndi ana, amaoneka katswiri popanda kulimbikira. Mphwanga zaka zitatu zonse ankapambana mipira ndi phewa, sanaphunzire kuwerenga wakutsogolo wothamanga kuposa iye, chifukwa sanakumane naye. Atabwerera kumpira n'kuyamba kusewera ndi amsinkhu wake, miyezi yoyamba ankamudutsa ngati mtengo. Ndiye kuti ngakhale makina akanapanda kumugwira, ndinali nditamubera kale.

Pano akusewera mutimu ina ya ligi ya chigawo chino chakumpoto, ndipo masana amandithandiza kushedi. Dzanja lomwe lija likudziwa kale kugwira pulena. Timayankhulana bwino, ngakhale nkhani ya kukampu sitiikamba. Kamnyamata ka ku Mchengautuwa kanasiya mpira chaka chotsatira, kali pakabaza. Ndinapita kwa mayi ake kumsika kukapepesa. Anandimvetsera akupanga milu ya tomato, osandiyang'ana, kenako anati, "Mwabwera mochedwa, akochi, koma mwabwera." Anandigulitsa mulu umodzi pamtengo wake, osaika ya pulaizi.

Kutimu kwanga tsopano mwana salembedwa popanda khadi ya kusikelo kapena chiphaso cha kubadwa, ndipo ndimafuna ndione chenicheni, osati fotokope. Ndimazijambula pafoni, mafotokope n'kusunga m'chitini cha mabisiketi kushedi. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa ku Zolozolo ndi mwana wake, mnyamata wamtali, wakutsogolo wabwino zedi. Nditapempha khadi, bamboyo anandikokera pambali n'kunong'ona kuti khadiyo ilipo koma ili ndi kavuto pang'ono, tingathe kukambirana ngati akuluakulu. Ndinaitana mphwanga, yemwe ankapopa mipira chapafupi, n'kumuuza kuti awafotokozere bambowa za makina aja. Anaika pampu pansi, anapinda mkono wa malaya wakumanzere, n'kuwalozera pamfundo pomwe timavalira wotchi.